Moto, Ozima Moto ndi Chotupa cha Muubongo

Nkhani yathu lero ili ndi maina olemera pa lilime, koma musasunthe wailesi, tiyenda nayo pang'onopang'ono.

Tiyambire pa mpweya umene mukupuma panopa. Ubongo wa munthu wamkulu kawirikawiri sufika kilogalamu imodzi ndi theka. Pa kulemera kwa thupi lonse, ndi magawo 2 okha pa 100. Koma pa okosijeni yense amene thupi limagwiritsa ntchito munthu atakhala phee, ubongo wokha umadya pafupifupi magawo 20 pa 100. Ukamusowa kwa mphindi zochepa chabe, maselo ake amayamba kufa. Chimene sitikamba kawirikawiri n'chakuti okosijeni yemweyo amavulazanso.

Madokotala anaziona ndi maso m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950, pamene ana obadwa masiku osakwana ku America ndi ku Ulaya ankawagoneka m'mabokosi odzaza okosijeni wochuluka. Anawo ankapulumuka, koma ambiri ankachita khungu. Woimba uja Stevie Wonder, wobadwa mu 1950, ndi mmodzi mwa iwo. Ndiye mukaona namwino akuyang'anitsitsa mlingo wa okosijeni pa khanda, dziwani kuti sakuumira. Mu 1954 mayi wina wasayansi wa ku Argentina, Rebeca Gerschman, ali ku Rochester ku America, analemba ndi anzake kuti okosijeni akachuluka amawononga maselo mwa njira yomweyo imene cheza cha X-ray chimawonongera. Mfundo imeneyi muigwire, tiifuna kutsogoloku.

M'maselo athu muli tizigawo ting'onoting'ono totchedwa mitochondria. Umo ndimo chakudya chimapsera ndi okosijeni kuti thupi lipeze mphamvu. Ndi moto ndithu, ngakhale ulibe malawi, ndipo moto uliwonse umathetheka. Mayi wophikira m'khitchini ya denga laudzu amadziwa kuti chimene chimatha nyumba si moto wa pamafuwa, koma mbaliwali imodzi imene yathawira kudenga. Mbaliwali za m'selo ndi okosijeni amene wapulumuka m'motomo ntchito isanathe. Amakhala wosakhazikika, ndipo chilichonse chimene wakhudza amachilanda kanthu, kaya ndi DNA, puloteni kapena mafuta. Akatswiri amazitcha reactive oxygen species. Zodziwika kwambiri ndi superoxide, hydrogen peroxide, ndi yolusa kuposa zonse, hydroxyl radical.

Ubongo uli pamalo ovuta. Umadya okosijeni wambiri, uli ndi ayironi amene amasandutsa hydrogen peroxide kukhala hydroxyl radical, komanso uli ndi mafuta ambiri, a mtundu umene okosijeni amawononga msanga. Tsegulani chitini cha nsinjiro zimene zakhalitsa, mudzamva fungo lasintha, ndipo mukalawa zimakanda pakhosi. Amene wawononga mafuta a mtedzawo ndi okosijeni. Zomwezonso zingachitikire mafuta amene akuta maselo a ubongo.

Koma thupi silinakhale manja lende. Lili ndi ozima moto ake, ndipo amenewa ndiwo ma antioxidant. Akuluakulu mwa iwo sachokera m'botolo kapena m'chipatso, amapangidwa m'selo momwemo. Mu 1969 Joe McCord ndi Irwin Fridovich a ku Duke University anapeza m'magazi a ng'ombe puloteni imene ntchito yake ndi kugwira superoxide n'kumusandutsa hydrogen peroxide. Anaitcha superoxide dismutase. Ikatero ntchito imapita kwa ina yotchedwa catalase, ndipo imeneyi ambiri munaionapo ikugwira ntchito. Amene munathiridwapo hydrogen peroxide pachilonda mukukumbukira thovu loyera lija, likufufuma, likulira kuti tsss. Thovulo ndi okosijeni amene catalase ya m'magazi anu yatulutsa pophwanya mankhwalawo, chotsala n'kukhala madzi. Ana asukulu amayesa zomwezi ndi kachidutswa ka chiwindi chosaphika.

Wachitatu, amene ali pamtima pa nkhani ya lero, ndi glutathione. Selo limamupanga polumikiza zinthu zitatu: glutamate, cysteine ndi glycine. Maina awiri oyambawo muwasunge. Kuti glutathione azime bwino hydrogen peroxide, amagwira ntchito ndi puloteni ina imene imafuna mchere wa m'nthaka wotchedwa selenium. Apa ndipatukeko pang'ono. Mu 2011 Allan Chilimba ndi anzake a ku University of Nottingham anayeza chimanga ndi dothi m'madera ambiri a Malawi, ndipo anapeza kuti chimanga chathu chambiri chili ndi selenium wochepa, kupatula cha m'madera ena monga kuchigwa cha Shire kumene dothi n'losiyana. Imeneyo ndi nkhani ya dothi, feteleza ndi kadyedwe kosiyanasiyana. Siikutanthauza kuti muthamangire mapiritsi, chifukwa selenium akachuluka ndi poizoni.

Ozima motowa ali ndi kapitawo wawo, puloteni yotchedwa NRF2. Zinthu zikakhala bwino imakhala yogwidwa ndi inzake, KEAP1, imene gulu la Masayuki Yamamoto ku Japan linaifotokoza mu 1999. Mbaliwali zikachuluka, KEAP1 imalekeza, ndipo NRF2 imathamangira kumene kuli DNA kukalamula kuti chitetezo chiwonjezedwe. Mbaliwali zikaposabe mphamvu za ozimawo, selo lalowa m'vuto limene Helmut Sies wa ku Düsseldorf ku Germany analitcha oxidative stress mu 1985. Komabe cholinga cha thupi si kuzimiratu zonse ayi. Maselo oyera a m'magazi amapanga superoxide ndi hydrogen peroxide mwadala pophera tizilombo. Thupi limangofuna mlingo.

Tsono chotupa chikulowa pati?

Zotupa za muubongo zilipo mitundu yoposa 100, ndipo zambiri si khansa. Mwachitsanzo, meningioma imamera pa chikuto cha ubongo, nthawi zambiri imakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri amachira akawachita opaleshoni. Zimene tikunena lero ndi za gulu la glioma, makamaka yoopsa kwambiri, glioblastoma. Imeneyi ndiyo inatenga Ted Kennedy mu 2009, Beau Biden mu 2015, komanso John McCain ndi Tessa Jowell mu 2018. Onsewa anali andale otchuka, anthu amene ndalama ndi madokotala odziwa sizinali vuto kwa iwo. Chithandizo chimene dziko likutsatira mpaka lero chinakhazikika mu 2005, pa kafukufuku wotsogoleredwa ndi Roger Stupp wa odwala 573. Amene analandira radiotherapy yokha, theka la iwo linadutsa miyezi 12.1 lili moyo. Amene anawonjezera mankhwala otchedwa temozolomide, theka linadutsa miyezi 14.6. Miyezi iwiri ndi theka, ndipo madokotala anaiwerenga ngati chipambano chachikulu. Pamenepo mwaona nokha kuuma kwa matendawa.

Chimodzi mwa zimene zimaumitsa khosi chotupachi n'chakuti chinaphunzira kukhala ndi moto. Maselo ake amagawikana mothamanga, choncho amathetheka kwambiri kuposa maselo abwinobwino. Mitsempha ya magazi imene chimadzipangira ndi yokhotakhota ndi yodontha, moti okosijeni amabwera, n'kusowa, n'kubweranso, ndipo kusinthasintha kumeneku kumawonjezera mbaliwali. Zikakhala pa mlingo wina, mbaliwalizo zimachithandiza: zimasokoneza DNA kuti maselo azisinthasintha khalidwe, zimalimbikitsa kugawikana, zimaitana mitsempha yatsopano. Zikapyola mlingowo, selo la khansa nalonso limafa. Ndiye maselo amene amatsala ndi okhawo amene achulukitsa ozima moto. M'zotupa zambiri zotere akatswiri amapeza NRF2 ili kalikiliki usana ndi usiku, ndipo gawo lina la shuga chotupa chimalipatutsa kuti chipange NADPH, chinthu chimene chimabwezera mphamvu glutathione akatha ntchito. Chitetezo chomwe chija chimene chimasunga ubongo wanu ndi wanga, chotupa chachitenga n'kuchikuza.

Tiyeni tilowe m'chipinda cha radiotherapy. Wodwala asanayambe, amamupangira chophimba kumaso cha pulasitiki wa timabowo. Amachifewetsa ndi kutentha, n'kuchiyala pankhope, ndipo chikazizira chimauma motsatira mphuno, chibwano ndi chipumi cha munthuyo. Tsiku lililonse amagona pa tebulo, chophimbacho amachikhomerera ku tebulolo kuti mutu usasunthe ngakhale pang'ono, ogwira ntchito amatuluka, chitseko chokhuthala chimatsekedwa. Makina amazungulira mutu kwa mphindi zochepa. Munthu samva kutentha kapena kuwawa. Amabwera masiku asanu pa sabata kwa masabata 6, maulendo 30.

M'mutumo mukuchitika zija ananena Rebeca Gerschman. Mbali yaikulu ya selo ndi madzi, ndipo cheza chikadutsa chimang'amba madziwo n'kutulutsa hydroxyl radical, amene amadula DNA. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kuwononga kumene X-ray imachita kumadzera njira imeneyi. Kunena mosapita m'mbali, dokotala akuyatsa moto dala m'kati mwa chotupa. Okosijeni akakhalapo amakhomerera bala la DNA kuti lisakonzeke. Glutathione akafika msanga amalikonza. Louis Harold Gray wa ku Britain, amene muyezo wa cheza umatchedwa ndi dzina lake, anasonyeza ndi anzake mu 1953 kufunika kwa okosijeni pa chithandizochi: selo losowa okosijeni limafuna cheza chochuluka pafupifupi katatu kuti life. Glioblastoma ili ndi zonse ziwiri, madera osowa okosijeni ndi glutathione wokwanira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene imabwerera, ndipo kawirikawiri imabwerera pafupi ndi pamalo pomwe inali.

Apa ndi pamene ndikufuna tilankhulane za mabotolo aja amene akutsatsidwa pa WhatsApp, pa Facebook ndi m'misika, olembedwa kuti antioxidant, akuti amatsuka thupi ndi kuthetsa khansa. Banja likamva kuti m'bale ali ndi chotupa m'mutu limagwira njakata, ndipo aliyense amafuna kuchitapo kanthu. Wina amagulitsa mbuzi n'kubwera ndi botolo. Chikondi chimenecho sindingachinyoze. Amene ndikumudandaula ndi wogulitsa amene akulonjeza zimene sanayeze.

Chifukwa anthu anayeza, ndipo zotsatira zinawadabwitsa eni akewo. Ku Finland anatsatira amuna osuta fodya oposa 29,000, ena akumwa beta-carotene, ena ayi. Zotsatira zinatuluka mu 1994: khansa ya m'mapapo inachuluka ndi 18 peresenti mwa amene ankamwa. Kafukufuku wofanana naye ku America, wotchedwa CARET, anamuimitsa nthawi isanakwane mu 1996 ataona kuti khansa yomweyo yakwera ndi 28 peresenti. Wina wotchedwa SELECT, wa amuna oposa 35,000, anapeza mu 2011 kuti vitamini E anakweza khansa ya prostate ndi 17 peresenti. Ku Gothenburg ku Sweden, gulu la Martin Bergö linasonyeza mu 2014 kuti mbewa za khansa ya m'mapapo zikapatsidwa vitamini E kapena N-acetylcysteine, zotupa zimakula msanga ndipo mbewazo zimafa msanga.

Koma amene akukhudza kwambiri nkhani yathu ndi wa ku Quebec ku Canada, wotsogoleredwa ndi Isabelle Bairati, wa odwala 540 a khansa ya m'kamwa ndi pakhosi amene ankalandira radiotherapy. Ankafuna kuona ngati ma antioxidant angachepetse zowawa za cheza. Kwa ena zinachepadi. Koma pa nthawi imene ankamwa vitamini E, khansa inkabwerera kapena ina inkayamba mwa ambiri kuposa mwa anzawo osamwa. Zikuoneka kuti mapiritsiwo sanasankhe woteteza, anateteza mnofu wabwino ndi chotupa chomwe. Zoona, kafukufuku yenseyu ndi wa ziwalo zina, si wa ubongo. Koma ine ndikaona mmene cheza chimaphera selo, sindingalimbe mtima kuuza wodwala glioblastoma kuti amwe ma antioxidant a mlingo waukulu pa masabata 6 aja dokotala wake asakudziwa.

Musamve ngati ndanena kuti musiye mango, malambe, bonongwe, chisoso kapena chammwamba. Wodwala ayenera kudya bwino, ndipo vitamini amene ali m'mbale ya ndiwo ndi wochepa kwambiri pomuyerekeza ndi wa m'piritsi la mlingo waukulu. Vitamini E wa m'kafukufuku wa SELECT anali wochuluka kuposa kakhumi amene munthu amafunika pa tsiku. Chimene ndikupempha n'chakuti chilichonse chimene wodwala akumwa, kaya ndi cha m'sitolo kaya ndi cha kwa asing'anga, dokotala achione.

Ofufuza ambiri tsopano atembenuka. Akufunsa kuti, nanga tikachilanda chotupacho ozima moto ake? Chilengedwe chenicheni chinawapatsa chitsanzo. Mu 2008 akatswiri a ku Johns Hopkins ndi anzawo anapeza kuti zotupa zina za glioma zili ndi kusintha pa kachigawo ka DNA kotchedwa IDH1. Puloteni ya IDH1 ikakhala bwinobwino imapanga NADPH uja. Ikasintha imayamba kumudya. Zotupa zoterezi zimavutika kusunga glutathione wokwanira, zimagonja msanga ku cheza ndi mankhwala, ndipo odwala ake amakhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa a glioblastoma wamba. Zifukwa zake n'zingapo, kufooka kwa chitetezo ndi chimodzi chabe. Kusiyanaku n'kwakukulu moti mu 2021 bungwe la World Health Organization linasiya kutchula zotupa za IDH yosintha kuti glioblastoma.

Ku University of Iowa anayesa kupereka vitamini C wochuluka kwambiri kudzera mu diripi pamodzi ndi radiotherapy ndi temozolomide. Wina akamva zimenezi anena kuti, mwaona, vitamini amachiza. Ayi. Pa mlingo umenewo, umene munthu sangaufikire pomwa mapiritsi, vitamini C amasiya kuzima, amayamba kupanga hydrogen peroxide, ndipo ayironi wa m'selo la khansa amamalizitsa ntchito. Akadali mayesero, pa odwala ochepa. Enanso akutsatira njira imene Scott Dixon ndi Brent Stockwell a ku Columbia University anaitcha ferroptosis mu 2012, imfa ya selo imene imabwera mafuta a khoma lake akawonongeka mothandizidwa ndi ayironi, glutathione atalephera kuletsa.

Nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya Harald Sontheimer, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku University of Alabama at Birmingham. Kumbukirani maina aja awiri, glutamate ndi cysteine. Kuti chotupa chipange glutathione wambiri chimafuna cysteine wambiri, ndipo chimamulowetsa kudzera pa kakhomo ka pa khoma la selo kotchedwa xCT. Kakhomoka n'kamsinthano: kakalowetsa cystine mmodzi, amene m'katimo amasanduka cysteine, kamatulutsa glutamate mmodzi. Tsono muubongo glutamate si chinyalala wamba. Ndiye uthenga umene selo la ubongo limatumiza podzutsa linzake. Akachuluka, maselo oyandikana ndi chotupa amadzutsidwa mosalekeza mpaka kufa, ndipo chotupa chimapeza malo m'chigaza chimene sichingafutukuke. Asanafe amatumiza mauthenga onse pakamodzi mosalamulirika, ndipo munthu amagwa n'kuyamba kuphupha. Mu 2011 Susan Buckingham, Sontheimer ndi anzawo anasonyeza zimenezi pa mbewa, ndipo atatseka kakhomoko ndi sulfasalazine, mankhwala akale a matenda a m'matumbo ndi nyamakazi, kugwako kunachepa. Taganizani, chotupa chikungofuna kudziteteza, koma m'kudzitetezamo chikugwetsa mwini mutu.

Kodi ndiye kuti sulfasalazine ndi yankho? Ku Liège ku Belgium anali atamuyesa kale pa odwala 10 amene zotupa zawo zinali zitabwerera, ndipo mu 2009 analengeza kuti aimitsa kafukufukuyo msanga. Zotupa sizinaphwe, ndipo odwala ena anakumana ndi mavuto aakulu. Vuto lagona pakuti ozima moto a chotupa ndi omwewo a ubongo wabwino, ndipo mankhwala ambiri salowa bwino muubongo chifukwa mitsempha yake ya magazi imasefa kwambiri zodutsa. Zimene zatheka pa mbewa, pa munthu zimafuna zaka.

Nkhani ya kugwayi ndiyo imatikhudza tonse, ngakhale tili kutali ndi malabotale amenewa. Kwathu kuno munthu akagwa n'kumaphupha, ambiri timathamangira kunena kuti wamulodza, ena timangoti ndi khunyu basi, n'kumusiya. Anthu ambiri odwala khunyu alibe chotupa. Khunyu ikhoza kubwera chifukwa cha malungo amene anafika muubongo, kuvulala m'mutu, mavuto a pobadwa, sitiroko, kapena mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba zikakhazikika muubongo. Koma munthu wamkulu amene sanagwepo chibadwire, akagwa koyamba ali ndi zaka 30, 40 kapena 50, ameneyo apite kuchipatala, ndipo achibale amene anaona mmene anagwera apite naye kuti akafotokoze: kunayambira dzanja liti, nkhope inapotokera mbali iti, anakhala nthawi yaitali bwanji asanatsitsimuke. Chimodzimodzinso mutu umene ukuwawa mowonjezereka sabata ndi sabata, makamaka m'mawa pamodzi ndi kusanza, dzanja kapena mwendo umene ukufooka pang'onopang'ono, maso oona zinthu ziwiriziwiri, mawu osokonekera, kapena bambo wofatsa amene wasintha khalidwe popanda chifukwa. Akakuonani kuchipatala chaching'ono, funsani ngati n'kofunika kukutumizani kuchipatala chachikulu kumene kuli makina ojambula m'mutu a CT kapena MRI. Ndipo munthu akagwa pamaso panu, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Muchotsereni zimene zingamupweteke, makamaka moto ndi madzi, muikireni chofewa kumutu, mumugoneke chammbali, ndipo kuphuphako kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala.